Chala M'dothi

Habiba anachotsedwa ntchito Lachiwiri m'mawa, asanamalize n'komwe kukolopa pabalaza. Sanabe, sanaswe mbale, sanayankhe mwano. Mlandu wake unali duwa.

Linali duwa la m'nyumba, lija la masamba akuluakulu ong'ambika m'mbali, limene adona a nyumbayo, mumzinda wa Blantyre, ankaonetsa mlendo aliyense asanamupatse mpando. Masamba ake anayamba chikasu, kenako anagwa limodzilimodzi mpaka kunatsala tsinde lofewa, lonunkha. Linali lachitatu kufa chibwerere Habiba panyumbapo.

"Dzanja lako ndi loipa," anatero adona. "Chilichonse ukagwira chikufota. Longedza."

Inu amene mukuwerenga, mwina munachotsedwapo ntchito chifukwa cha ulesi, ndipo pansi pa mtima munadziwa kuti sanakunamizireni. Za Habiba zinali zowawa kuposa pamenepo, chifukwa duwalo ankalisamala kuposa thupi lake. M'mawa uliwonse ankalithirira asanamwe tiyi. Masana akaona kuti dothi layamba kumbuwa pamwamba, ankathiranso. Ankaopa kuti adona akaweruka, n'kugwira dothi louma, anena kuti wakhala tsiku lonse akugona.

Anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Bambo ake sanawadziwe bwino, mayi ake anamwalira iye ali Fomu 2, ndipo mayeso a Fomu 4 anamukana. Ntchito imeneyi inali chinthu choyamba chimene ankachitcha chake.

Amene anamuperekeza pageti anali a Nester, ophika a panyumbapo. Anali mayi wa ku Milepa amene kale ankagulitsa tomato pa Namadzi moyandikana ndi malemu mayi ake a Habiba, ndipo ndi iwo anamupezera ntchitoyo. Anali atagwira m'nyumba imeneyo zaka khumi ndi chimodzi. Ana awo anayi ndi mayi awo okalamba ku Milepa ankadya ndi ntchito yomweyo.

"Pita bwino, mwanangu," anatero a Nester. "Tsopano maluwawa agwera ine. Anena kale kuti Loweruka akagula ena."

"Nanga akamafanso?"

A Nester analoza msewu ndi milomo. "Ndidzakupeza komweko."

Mawu amenewa anakwera naye minibasi mpaka pa Namadzi. Ankadziona wolephera, koma chimene chinamulemera kwambiri chinali chakuti wasiyira mayi wa ana anayi msampha umene iye mwini sanaumvetse.

Pa Namadzi anafikira kwa amalume ake, a Hamadi, amene ankagulitsa mbande m'mbali mwa msewu wopita ku Zomba. Anali ndi mango, mapeyala ndi malalanje m'machubu akuda, ndipo kumapeto kwa mzere ankaika maluwa a m'miphika odikira anthu a magalimoto. Onani nthabwala ya moyo: munthu wothawa maluwa n'kukafikira pakati pa maluwa.

Sabata zitatu Habiba sanakhudze tsamba. Ankasesa, ankatunga madzi n'kuwatula patali. 

Tsiku lina bambo wina anaimika galimoto n'kutsitsa mphika wa duwa lakufa, akudandaula kuti anamugulitsa lodwala. Atapita, a Hamadi anaitana Habiba, anagudubuza mphikawo n'kukhuthula dothi lonse pansi. Linatuluka ngati phala. Mizu inali yakuda, yonyenyeka, ndipo fungo lake Habiba analidziwa nthawi yomweyo.

"Mwanache, mwana iwe, ukuona? Limeneli silinafe ndi ludzu ayi. Lamira."

"Duwa limamira, amalume?"

"Chimanga cha kudimba chili ndi kothawira, madzi amapita pansi. Mumphika apita kuti? Anthu a m'tauniwa amapha maluwa ndi chikondi." Anagwira dzanja la Habiba n'kulowetsa chala chake mumphika wina mpaka mfundo yachiwiri. "Chikatuluka ndi dothi lomata, usathire. Chikatuluka choyera, thira. Sukulu yonse ndi imeneyi."

Habiba anakhala pansi pomwepo n'kulira. Sanalire chifukwa cha chisoni chokha. Unali mkwiyo womva kuti chinamuchotsa ntchito ndi khama lake lomwe.

Madzulo ake anaimbira a Nester pa kafoni kawo ka mabatani n'kuwafotokozera zonse, mawu akuthamangitsana.

"Ndamva, mwanangu," anatero a Nester. "Ndipo ndikukhulupirira. Koma adona akagwira dothi n'kupeza louma, ndinene kuti wandiphunzitsa ndani? Habiba yemwe anamuthamangitsa uja?"



"Amene aja samva za munthu wovala epuloni," anapitiriza a Nester. "Amamva za foni yawo. Foni ikati imwani madzi, amamwa. Ikati yendani, amazungulira nyumba usiku ndi masana."

Ananena moseka. Habiba sanaseke, ndipo nkhani yathu yagona pamenepa. Anaganiza kuti ngati adona amamvera foni, ndiye kuti foniyo iphunzire za maluwa.

Kuganiza n'kosavuta. Habiba anali ndi foni yosweka galasi imene ankatchajitsa kwa ometa tsitsi, ndipo sankadziwa kuti zinthu za m'foni zimapangidwa ndi anthu okhala ndi manja awiri ngati iye. Anamva kuti a Aubrey, mphunzitsi wa makompyuta pasukulu ina ya sekondale chapafupi, amaphunzitsa achinyamata Loweruka lililonse kupanga mapulogalamu a pafoni. Anapita. Tsiku loyamba anakhala kumbuyo, mpango utaphimba mpaka pamphumi, akuopa kuti afunsidwa satifiketi.

A Aubrey sanafunse satifiketi. Anafunsa aliyense chimene akufuna kupanga. Anyamata anatchula masewera, nyimbo ndi mpira. Habiba atati akufuna pulogalamu yosamalira maluwa a m'nyumba, kalasi yonse inagwa ndi phwete.

"Maluwa amadyedwa, achemwali?" anafunsa wina.

"Sadyedwa," anayankha Habiba. "Koma alipo anthu amene amadya chifukwa cha iwo."

A Aubrey anamuyang'ana kanthawi, kenako anamusunthira kutsogolo, pa kompyuta imene sinkazimazima.

Sindikunamizani kuti anali ndi mutu wodabwitsa. Zimene anzake ankagwira tsiku limodzi, iye zinkamutengera Maloweruka atatu. Chingelezi cha pakompyuta chinkamuzunguza mutu. Kawiri konse ntchito ya mwezi wathunthu inafufutika magetsi atathima. Anyamata oseka aja anayamba kujomba mmodzimmodzi, mpaka m'kalasi munatsala anthu anayi, ndipo Habiba anali mmodzi wa iwo.

Masiku ena onse anali kumbande. Duwa lililonse analijambula ndi foni yake. Mayina a m'mabuku anawasiya, poti palibe wogula amene ankawatchula. Analemba mmene anthu amanenera poloza: la masamba ngati a koko, lofanana ndi khonje, lolendewera, laminga. Mu kope lake ankalemba masiku amene mphika uliwonse umatenga kuti uume, ndipo anaona kuti mu Okutobala dothi limauma masiku atatu, koma chiperoni chikatsika mu Juni mphika womwewo umatha sabata ziwiri uli chinyontho. A Aubrey anamuonetsa mapulogalamu a maluwa a kunja. Anali okongola, koma palibe ngakhale imodzi imene inkadziwa chiperoni.

Nthawi yonseyi a Nester ankaimba mwa apo ndi apo. Lafanso lina. Adona agulanso. Lero andikalipira pamaso pa alendo. Habiba akamva zimenezi ankabwerera ku kope lake mtima uli m'mwamba.

Patatha chaka ndi miyezi inayi, pulogalamuyo inayenda. Anaitcha Chala M'dothi. Munthu ankasankha chithunzi cha duwa lake, ndipo tsiku lothirira likakwana foni inkalira n'kulemba kuti, "Thirirani lero." A Aubrey anamuthandiza kuiika poti anthu azitha kuitenga, ndipo a Hamadi ankapatsa wogula aliyense kapepala kofotokoza mmene angaipezere.

Loweruka lina kumapeto kwa Meyi, galimoto yoyera inaima pambandepo. Habiba anaizindikira isanazime n'komwe. Anathawira kuseri kwa mthunzi wa udzu ngati wabadi kanthu. Adona aja anatsika, anasankha duwa la masamba ong'ambika, lalikulu kuposa onse, ndipo a Hamadi anawaikira pulogalamuyo m'foni ndi manja awo.

Tsiku limenelo Habiba anayenda ngati wapambana kale. Anadziuza kuti a Nester apulumuka.

Patapita sabata zisanu, Lamulungu masana, a Nester anatsika minibasi pa Namadzi pa ulendo wawo wokaona ana ku Milepa. Sanapite pokwerera kabaza. Anabwera molunjika kumbande, anakhala pa chidebe, ndipo nkhope yawo inanena zonse asanatsegule pakamwa.

"Layamba chikasu," anatero. "Masamba awiri agwa. Andiuza kuti ili ndi lomaliza. Akuti ngakhale foni ikundithandiza koma ndikulephera, ndiye vuto ndi ine."

"Koma mayi, simukuthira tsiku lokhalo limene foni yanena?"

A Nester anamuyang'ana ngati mmene mayi amayang'anira mwana wophunzira amene wafunsa zopusa.

"Foniyo ili ndi ine? Ili m'chikwama chawo ku ofesi. Ine m'mawa ndimathira pang'ono, kuti akamatuluka aone ponyowa. Ikalira kumeneko amandiimbira, Nester thirira. Ndinene kuti ndathira kale? Ndimathiranso. Madzulo akamabwera ndimawaza pamwamba, kuti asati sindinamvere."

"Nanga masiku amene foni sinalire?"

"Masiku amenewo ndiye oopsa. Foni ili chete, iwo ali chete, dothi likumbuwa. Ndingakhale pansi ine?"

Apa Habiba anaona pamene analakwitsa. Chaka ndi miyezi inayi, ndipo chimene anapanga chinali kuwonjezera madzi pa duwa lomira kale. Pulogalamu yake inkalankhula ndi munthu amene sagwira ndowa. Inkalankhula tsiku lothirira, tsiku limene wantchito aliyense amalidziwa kale, n'kukhala chete masiku onse amene wantchito amafuna womuikira kumbuyo. Chomupweteka kwambiri chinali chakuti iye mwini anakhalapo m'mantha amenewo, koma atangokhala pa kompyuta anayamba kuganiza ngati adona.

"Ndakulakwirani, mayi," anatero.

"Sunalakwe dala. Ndipatseko madzi akumwa, ndione msewu."

Apa ndi pamene ambiri timasiyira. Kulephera koyamba timati ndi tsoka, ndipo anthu amatimvera chisoni. Kulephera kwachiwiri, kumene wadzipangira wekha ndi manja ako utavutikira, kumachititsa manyazi, ndipo manyazi amagoneka munthu kuposa malungo. Habiba anatha masiku awiri osayang'ana foni yake. Anauza amalume ake kuti asiye kugawa timapepala tija.

Lachitatu a Hamadi anamupeza akusesa malo osesa kale.

"Duwa la a Nester lafa?" anafunsa.

"Ayi, koma likufa."

"Ndiye ukulirira maliro a munthu amene akupuma?"

Anadzaza kathumba ndi dothi losakaniza mchenga wa kumtsinje ndi mankhusu a mpunga. A Nester pobwerera kuchokera ku Milepa anatenga kathumbako, pamodzi ndi malangizo: azule duwalo, adule mizu yonse yakuda, alibzale m'dothi latsopano, ndipo asalipatse madzi mpaka chala chitatuluka choyera.

"Zonsezo ndichita," anatero a Nester. "Koma chomaliziracho, kaya."

"Chomaliziracho ndisiyireni ine," anatero Habiba. "Ndipatseni sabata imodzi."

Anapita kwa a Aubrey pakati pa sabata, kuwapeza pa nthawi yopuma, n'kuwauza kuti akufuna kugwetsa zonse. A Aubrey anakanda mutu. Anati pulogalamuyo ikuyenda bwino, anthu akuitenga, bwanji angokonza pang'ono.

"Ikuyenda bwino kwa amene sathirira, aphunzitsi. Ndikufuna ilankhule ndi anthu awiri. Wothirirayo imufunse. Mwini duwayo imuletse kukalipa."

Masiku asanu ndi limodzi otsatira anawathera m'chipinda cha makompyuta, kuyambira ana akaweruka mpaka mlonda akabwera kudzatseka. Anachotsa belu lija la "Thirirani lero". M'malo mwake, mwini duwa ankalemba nambala ya munthu amene amathirira, ndipo m'mawa uliwonse kafoni ka mabatani ka munthuyo kankalandira uthenga wa m'Chinyanja: "Lowetsani chala m'dothi. Chatuluka ndi dothi, yankhani 1. Chatuluka choyera, yankhani 2." Kutumiza mauthenga ku mafoni ang'onoang'ono kunawavuta masiku atatu, ndipo pamenepo a Aubrey ndi amene anagwira ntchito yaikulu.

Koma mawu opita ku foni ya mwini duwa Habiba anawalemba yekha. Anawalemba, anafufuta, analembanso, pofuna mawu amene munthu wonyada angawamve popanda kuona ngati akunyozedwa. Pomaliza anakhala otere, m'Chinyanja ndi m'Chingelezi momwe: "Duwa lanu layezedwa m'mawa uno. Lero silikufuna madzi. Dothi louma pamwamba ndi mmene liyenera kuonekera. Wolisamalira wachita bwino."

A Aubrey atawerenga chiganizo chomaliziracho anati, "Chimenechi si cha maluwa."

"Ayi," anatero Habiba. "Koma chisachoke."

Pulogalamu yatsopanoyo inalowa m'mafoni a anthu Lolemba, ndipo inapempha aliyense nambala ya wothirira. Habiba anadikira. Panalibe chimene akanachita ngati adona aja akanangoinyalanyaza. Lachiwiri masana a Nester anaimba kuti afunsidwa nambala yawo ya foni ndi munthu amene wakhala akuwaimbira zaka zoposa khumi ndi ziwiri osaisunga pamtima.

Unali mwezi wa Julayi, chiperoni chili pakati. Lachitatu a Nester anayankha 1. Lachinayi 1. Lachisanu 1. Pamwamba pa dothi panayera mbee, koma pansi panali chinyontho. Tsiku lililonse ankaimba kwa mphindi imodzi.

"Manja akundiyabwa, mwanangu. Ndadutsa ndi jagi kawiri."

"Musathire, mayi."

"Kungowaza pamwamba pokha?"

"Ngakhale dontho."

Mudziwe kuti kwa munthu amene moyo wake wonse wauteteza pooneka wotanganidwa, kusachita kanthu ndi ntchito yolemetsa kuposa kusenza nkhuni. Habiba ankadziwa kuti akupempha mayi wa ana anayi kuika ntchito yake pa mawu a mtsikana amene anawalakwitsa kale kamodzi. 

Tsiku lachisanu ndi chitatu, cha m'ma 5 koloko madzulo, foni yake inalira ali pakati pothira dothi m'machubu. Anapukuta manja pa chitenje n'kuyankha.

"Agwira dothi," anatero a Nester, mawu ali pansipansi.

Habiba anakhala pa chidebe.

"Angolowa, nsapato asanavule, molunjika pamphika. Agwira. Atembenuka, andiyang'ana mmene amayang'anira muja. Akuti, Nester, dothi ili lauma chonchi iwe uli pompano? Ine pakamwa gwa. Mumtima ndayamba kale kupinda zovala."

"Ndiye?"

"Ndangoti, adona, taonani foni yanu. Sindikudziwa mawuwo anachokera kuti. Atulutsa. Awerenga. Ayang'ana duwa, ndipo pakati pake pali kansonga katsopano kopindika, kobiriwira, kamene ine ndinakaona dzana koma ndinaopa kunena. Awerenganso."

"Anena chiyani, mayi?"

"Akuti, Nester, ika tiyi."

 Wina angaone ngati ndi mawu ochepa, ndipo ndi ochepadi. Sanapepese, sanayamike. Koma aliyense amene anagwirapo ntchito m'nyumba ya munthu akudziwa tanthauzo lake: mawa udzukanso pompano, ndipo ana ako ku Milepa adya.

"Ndikukaika tiyiyo," anatero a Nester. "Mayi ako akanakhalapo, bwenzi lero tikuvina pamsika."

Foni itaduka, Habiba anakhala pa chidebepo nthawi yaitali, minibasi zikudutsa, amalume ake akumuyang'ana chapatali. Kenako anadzuka n'kukamaliza machubu ake.

Lero Chala M'dothi ikugwiritsidwa ntchito m'nyumba ndi m'maofesi angapo a ku Blantyre ndi ku Zomba. Si pulogalamu yotchuka, ndipo Habiba sanalemere nayo. Akadali pa Namadzi, akugulitsa mbande ndi amalume ake, ndipo Loweruka amathandiza a Aubrey kuphunzitsa. Mauthenga othokoza amene amalandira ambiri sachokera kwa eni maluwa. Amachokera ku timafoni ta mabatani, kwa ophika, olima kapinga ndi osesa m'maofesi.

Inu amene mwayesa chinthu n'kulephera, kenako mwayesanso n'kuwononga kuposa poyamba, ndikudziwa kuti manyazi akukuuzani kuti mubisale. Musawamvere. Bwererani kwa munthu amene kulakwitsa kwanu kwamupweteka, mukhale pansi, mumufunse mmene zinayendera, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Mawa mudzuke mukakonze.

Pali wina amene ntchito yake, chakudya cha ana ake, chikudikira kuti inu muyesenso kachitatu. Mtima usagwe, m'bale wanga. Musausiye panjira.